Mbewu ya Nyanga Ziwiri mu Mgolo

Lolemba

Esinati akupita Lamulungu. Tikiti ya ndege ili pamwamba pa kabati, yatsamiridwa ndi wotchi. Ndikalowa ikundiyang'ana, ndikatuluka ikundiyang'ana.

Akuti akukachirira kwa amayi ake ku Chikwawa, mwana woyamba sabadwira kuchilendo. Chabwino, ndi mwambo, sindikukana. Koma ndikafunsa tsiku lobwerera, yankho ndi "tiona." Tiona! Zaka ziwiri m'banja muno, "tiona" ameneyu ndikumudziwa. Makatani a pabalaza analinso "tiona," mpaka lero pawindo pali chitenje.

Ndikuopa. Ndalemba, poti bukuli saliwerenga munthu. Ndikuopa kuti akapita sabweranso.

Sabata yatha ndinamupeza akulira kukhitchini, anyezi palibe. Akuti wakumbuka kanthu kamene ankadya ali mwana, ka m'thamanda la kufupi ndi Shire. Kolimba, ka nyanga ziwiri ngati mutu wa ng'ombe, m'kati moyera. Ankakatola ali m'bwato, kena kankawabaya kumapazi m'matope. Ndiye dzina lake latuluka m'mutu. "Ndaiwala dzina la chakudya cha kwathu, bambo. Mzinda uno ukundimaliza." Ine wa ku Dedza, kumapiri, za m'madzi zimene ndimadziwa ndi achule. Ndinangoti pepani.

Koma lero! Mulungu si Jemusi!

Masana dalaivala wa ku ofesi wandinyamula kuchokera ku Gigiri, kumene ndimagwira ntchito kuno ku Nairobi, waima pa msika wa ku Parklands kuti agule tomato. Ndikungoyendayenda, maso pa tebulo la mayi wina wachimwenye. Timitu ta ng'ombe! Milu iwiri, wina wobiriwira, wina wakuda bii. Akuti dzina lake singoda. Ndaloza wakudawo. Mayiyo ayamba kulongosola zinazake m'Chiswahili chothamanga, chala chikuloza mulu uwu ndi uwo. Ndawadula: "Najua, mama, najua." Ndikudziwa. Ndine mlangizi wa zaulimi ine, dipuloma ili pakhoma, ntchito yanga ku bungwe ndi kulemba malipoti a mbewu. Yokhwima ndi yakuda, yobiriwira ndi yanthete. N'zofunsa zimenezo?

Kunyumba Esinati waswa imodzi ndi mpeni, waluma, watsinzina. Yachiwiri. Yachitatu. Misozi yokha. Pomwepo nzeru yandigwera. Ndalanda mbale.

"Mbewu sadya, mayi. Tidzala."

Wandiyang'ana, wayang'ana chikhokho chili m'manja mwake, watsegula pakamwa, watsekanso.

Dongosolo:

1. Mgolo.
2. Matope.
3. Kudzala mawa.
4. Imere pofika Loweruka.
5. Esinati aone yekha kuti za kwawo zikhoza kumera kuno.
6. Tikiti ibwerere kumene inachokera. Zikavuta, "tiona" asanduke tsiku lenileni la pa kalendala.

Lachiwiri

Chaka chino cha 2000 ankatiopseza kuti makompyuta afa. Makompyuta ali moyo, chafa ndi mpopi. Kuno ku Donholm madzi amabwera kamodzi pa sabata, akafuna. Magetsi nawo n'chimodzimodzi, amachita kutichezera ngati mlamu.

Migolo tili nayo iwiri kuseri kwa nyumba. Wina wa madzi akumwa ndi ophikira, wina wa osamba ndi ochapira. Ndatenga wachiwiriwo.

"Amenewo ndi ochapira matewera amene ndagula aja," akutero Esinati.

Ndamufotokozera kuti chitukuko chimafuna kudzipereka.

Ku ofesi ndachoka 3 koloko. Bwana ndawauza kuti ndikukayendera munda woyeserera. Si bodza.

Matope ndawapeza pa puloti ina pafupi ndi Outer Ring Road, pamene akukumba maziko a nyumba. Dothi lakuda, makande enieni, onata. Ndebe ziwiri, tayi ili m'khosi. Mlonda wa pamenepo wandifunsa ngati ndikuumba miphika. Kondakitala wa matatu, minibasi za kuno, wandikuwa chinachake chimene basi yonse yaseka. Asekeretu, tidzaona akadzabwera kudzapempha mbewu.

Funso lalikulu: nyanga ziloze pansi kapena kumwamba? Ndafunsa Esinati. Akuti kwawo palibe amene ankadzala, zinkangomera zokha. Mukuona vuto la anthu athu? Palibe ndondomeko. Ndadzala 12 nyanga pansi, 12 nyanga kumwamba. Imeneyo ndiye sayansi.

Zotsala 20 ndasunga m'bakuli mu kabati, pamwamba ndamata pepala: MBEWU YAPADERA. OSAKHUDZA.

Dzanja lamanja lada mpaka m'khwapa. Madzi osamba mulibe, ali ndi mbewu.

Ndakasuzumira kanayi dzuwa lisanalowe. Sizinamere. Sindikudandaula, lero n'loyamba.

Lachitatu

6 koloko: palibe.

6:20: palibe.

Ndanyamuka 6:40, ndabwerera pa geti kukaonanso. Palibe. Matatu awiri andisiya.

Mu laibulale ya ku ofesi ndapeza buku la zomera za m'madzi. Chithunzi chake chenicheni! Zimene ndaphunzira:

- Masamba amayandama pamwamba pa madzi, atazungulira ngati duwa. Timapesi take n'totupa ndi mpweya, n'chifukwa chake samira.
- Maluwa ndi oyera, ang'onoang'ono.
- Mbewu ikakhwima imagwa n'kumira, nyanga zija zimagwira matope kuti isakokoloke. Ndiye kuti 12 zina ndadzala molondola. Sindikudziwa ziti.
- Ikauma yafa.
- Amwenye amadya yaiwisi, yophika, ena amapera ufa.
- Ku Amereka amaizula, akuti ndi udzu woipa, imatseka mitsinje. Anthu okhuta!

Pali ndime ina ya nthawi imene imatenga kuti imere. Ndaona mawu akuti "miyezi," ndatseka buku. Analemba ndi mzungu wa kozizira, sadziwa dzuwa la kuno.

Komabe mfundo ya kuzizirayo yandigwira. Chikwawa ndi ng'anjo, Nairobi m'mawa mpaka juzi. Mbewu ikuganiza kuti ikadali nthawi yachisanu. Ndafika kunyumba 4 koloko, ndayatsa sitovu ya parafini poti magetsi kulibe, ndathira maketulo awiri a madzi otentha mu mgolo. Esinati wakhala pa kampando pakhomo la kukhitchini, wagwira pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Akuti ndi chifuwa.

Ndakokera mgolo padzuwa. Dzuwa lasuntha. Ndakokeranso. Msana!

Mama Njeri, eni nyumba amene amakhala kuseri kwa mpanda, asuzumira. Akuti ndikuweta udzudzu. Ndati ndi kafukufuku. Akuti kafukufuku ameneyo akawaluma adzukulu awo tidzakambirana bwino.

Kenako takhala awiri pafupi ndi mgolo, ine pa ndebe yovundikira, Esinati pa kampando. Akundiuza za mchimwene wake amene anagwa m'bwato akutola timitu timeneti, anatuluka m'madzi tiwiri titakanirira pa kabudula, anathamanga mudzi wonse akukuwa kuti ng'ona yamugwira. Waseka mpaka kugwira mimba. Nkhani imeneyi sindinaimvepo. Zaka ziwiri! Kaya ankaisungira kuti.

Mbewu yapadera: 16. Ndawerenga katatu. M'nyumba muno muli makoswe.

Lachinayi

Palibe chamera. Madzi achita mtundu wa tiyi wopanda mkaka.

Ndipo ndinaiwaliratu: mapemphero a Amalawi a Lachinayi sabata ino ali kwathu. 5 koloko anthu mbwee. A Gondwe, mkulu wa mpingo, achokera ku Kawangware ndi mayi a kunyumba kwawo. Amayi ena atatu. Ana a sukulu a ku koleji asanu ndi mmodzi, amene chikhulupiriro chawo chimakula akamva fungo la buledi.

Zonse zikanayenda bwino a Gondwe akanapanda kupita kuseri kukasamba m'manja. Apeza mgolo. Apeza timitu tiwiri takuda, ta nyanga, timene ndinavuula kuti ndione ngati tayamba kuphukira, tili pa zenera. Apeza pepala la pa mgolo: OSAKHUDZA. OSATUNGA. OSAFUNSA. Liwu lachitatulo ndinalembera Mama Njeri.

Abwerera m'manja mouma. Anong'oneza akazi awo. Akazi awo anong'oneza wapafupi. Nong'onong'o wazungulira pabalaza ponse, wandidumpha ine ndekha.

Mutu wa ulaliki unali Msamariya wachifundo. Wasintha pomwepo.

Zimene zapemphereredwa lero:

- "Iwo amene asunga zinthu zakuda m'migolo."
- "Iwo amene masana avala tayi, koma mtima uli kwa asing'anga."
- "Mwana wanu wamkazi uyu, Ambuye, woyembekezera, mumasuleni ku zingwe zonse zimene munthu angamumange nazo kuti asaone kwawo."

Ameni wake, denga linatsala pang'ono kuchoka.

Tiyi sanamwe. Afunsa kuti madzi ake atungidwa mgolo uti. Ngakhale ana a sukulu aja asiya buledi, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire mpingo.

Ndayesa kufotokoza. Ndatchula dzina la Chilatini la m'buku lija. Zaipiraipira, Mai Gondwe akuti ndayamba kulankhula malilime a kumidima. Ndaswa kamodzi kuti ndidye pamaso pawo, kanunkha, ndalavula. A Gondwe agwedeza mutu ngati munthu amene waona zimene amayembekezera.

Pa geti andigwira phewa. "Achimwene, mkazi samangidwa ndi mankhwala. Mkazi amamangidwa ndi khalidwe."

Ine! Wa dipuloma! Wa kwaya kuyambira ndili Sitandade 5!

Esinati sananditeteze ngakhale liwu limodzi. Anali kukhitchini ndi chifuwa chake chija.

Ndakwiya zedi. Koma nditakhala pansi, chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti a Gondwe sanaphonye kwenikweni. Ndadzaladi kanthu ka nyanga mu mgolo kuti mkazi wanga asapite kwawo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndili ndi buku.

Mbewu yapadera: 11. Ndatchera msampha.

Lachisanu

THOVU!

Pamwamba pa madzi pali timathovu, tikutuluka pansi, kamodzikamodzi. Mbewu ikupuma! Ndamudzutsa Esinati kuti adzaone. Wafika pakhomo, wagwira mphuno, wabwerera.

Inde, pali kafungo. Ulimi uli ndi fungo lake. Amene sanalimepo ndiye amadabwa.

Mpopi lero unayenera kutulutsa madzi. Watsokomola kawiri, wangoti fuu, basi. Ndasamba ndi kapu imodzi: kumaso, m'khwapa, mapazi ayembekeze sabata yamawa.

Ku ofesi bwana andiitana. Lipoti la mbewu zopirira chilala lili kuti? Ndati likudikira zotsatira za munda woyeserera. Akuti akufuna adzauone mundawo. Ndati msewu wake ndi woipa.

Ndakhala pa desiki, sindikukhazikika. Ndalemba mutu wa lipoti, ndafufuta. Ndapita ku zenera. Ndabwerera. Ndanola mapensulo onse a mu ofesi, ngakhale a anzanga. 2:30 ndathawa.

Kunyumba sutikesi yatsika pamwamba pa wadirobu. Ili pabedi, yatsegula kukamwa. Esinati akupinda timalaya ta mwana, tating'ono ngati mipango. Matewera aja akuti akachapira ku Chikwawa, kumene madzi sachita kudzalidwamo zinthu. Ndatuluka msanga.

Mama Njeri abwera okha, osasuzumiranso pa mpanda. Mawu awo ndawamva onse ngakhale Chiswahili changa n'chopunduka: mgolo uchoke pofika mawa, apo ayi tichoke ndife. Amvanso za mapemphero a dzulo. Donholm yonse yamva. Mayi wogulitsa masamba a sukuma pa kona wandipatsa chenji mosandikhudza dzanja.

Msampha wagwira. Wagwira chala changa, ndikufufuza mu kabati.

Mbewu yapadera: 4. Zikhokho ndazipeza m'bini, zodulidwa bwinobwino pakati. Makoswe a ku Nairobi amagwiritsa ntchito mpeni, ndipo amataya zinyalala pamalo pake.

Sindikufuna kuganiza zimene ndikuganizazi.

Tinakhalanso pa mgolo madzulo, patali pang'ono chifukwa cha fungo. Esinati wandigwiritsa dzanja pamimba pake. Mwana akumenya. Ameneyu yekha ndiye akumera m'nyumba muno.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa. Mawa imera.

Loweruka

Sinamere.

Ndapisa dzanja, ndavuula imodzi. Yangophwanyika m'manja, phala lotuwa. Fungo lake ntchentche zomwe zabwerera m'mbuyo.

Ndiye kuti anandigulitsa mbewu yoola! Ndaikulunga m'nyuzipepala, matatu awiri mpaka ku Parklands. M'matatu anthu atsegula mawindo onse. Njira yonse ndikukonza mawu: ndine katswiri, ndimagwira ku Gigiri, nkhaniyi ifika patali.

Ndafika pa tebulo, ndatambasula nyuzipepala. Ndafotokoza zonse: mgolo, makande, nyanga pansi, nyanga kumwamba, maketulo awiri.

Mayi aja andiyang'ana nthawi yaitali. Afunsa kuti, "Ulipanda?" Unadzala? Ndati eya.

Akhala pansi pa kreti. Aseka mpaka kuvula magalasi. Aitana mnzawo wa tebulo la nyemba, wa nyemba waitana wa mapapaya. "Imechemshwa!" Yowiritsa! Zakudazo n'zophikaphika, zongodya. Zaiwisi ndi zobiriwira zija. Akuti anandiuza Lolemba, anabwereza kawiri, ine n'kuti najua, mama, najua.

Masiku asanu ndakhala ndikulondera chakudya chophika kuti chimere. Lachitatu ndinachiphikanso kachiwiri.

Safunsa anadya phula. Ine ndiye ndadzala phulalo.

Zobiriwira zatsala zochepa pansi pa dengu. Andipatsa zonse, akupukutabe misozi. Wa mapapaya wandifunsa ngati kwathu timadzalanso mazira owiritsa.

Pobwerera ndatsika siteji imodzi isanakwane yathu, kuti ndiyende pansi, ndipeze poyambira. Sindinapapeze. Ndangolowa, ndaika kathumba patebulo, ndati, "Mayi, zija zinali zophika."

"Ndikudziwa."

Kuyambira liti?

"Lolemba. Nditangoluma yoyamba. Kwathu mwana wa zaka zisanu amasiyanitsa."

Ndiye makoswe aja?

"Zikanangoonongeka, bambo."

Ndakalipa. Ndanena za msana wanga, za chala changa, za a Gondwe, za Donholm yonse imene ikunditcha mfiti. Bwanji osandiuza? Bwanji kundisiya ndizichita manyazi sabata yathunthu?

Wasiya kupinda zovala. Sakusekanso.

"Lachiwiri munafika dzuwa lisanalowe. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi, Lachisanu. Chibwerereni kuno sizinachitikepo. Mumatuluka kuli mdima, mumalowa kuli mdima, ine ndimatsala ndi geti ndi wailesi ya chilankhulo cha eni. Ndikanakuuzani Lolemba, Lachiwiri mukanafika 8 koloko."

Ndayang'ana dipuloma pakhoma, nayonso sinandithandize.

Ndafunsa ngati tikiti ija ikadalipo. Akuti ilipo. Amayi ake akudikira, ndipo akufuna akachire pamene pali munthu womugwira dzanja.

Mgolo ndakhuthula mu ngalande ya kumsewu. Mama Njeri aimirira pa geti mpaka dontho lomaliza.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite. A Gondwe apumuleko.

M'mawa Esinati wadzuka ine ndisanadzuke. Ndamupeza kuseri, watsuka mgolo, watunga madzi a mgolo wakumwa uja, theka lathunthu. Ine kuti ndilankhule, akuti chitukuko chimafuna kudzipereka.

Zobiriwira zija waziponya m'beseni la madzi. Zoyandama waziika pambali, akuti n'zanthete, tidya. Zomira zinali zisanu ndi ziwiri. Waika matope pansi pa mgolo, wangoziponyamo, chubwi, chubwi, osayang'ana kumene nyanga zaloza. Pamwamba wamanga kansalu ka neti yakale chifukwa cha udzudzu. Mama Njeri anakambirana nawo kale dzulo, akazi okhaokha. Akuti avomera, bola mwamunayo asamayandikire ndi ketulo.

Malamulo amene ndapatsidwa:

1. Osathira madzi otentha.
2. Osavuula kuti ndione.
3. Osakoka mgolo.
4. Madzi asaphwe. Ikauma yafa.
5. Kuuza a Gondwe zoona, ndi kuwapatsa imodzi adye.

Ndafunsa kuti imera liti. Akuti miyezi. Mwina itatu, mwina kuposa, mwina osamera n'komwe, madzi a mumpopi si thamanda. Mzungu wa buku uja sananame.

Zanthete zija tadya m'takisi popita ku bwalo la ndege. Zaiwisi zimakoma ngati chinangwa chozizira chotsekemera pang'ono. Aka n'koyamba kulawa chinthu chimene ndachivutikira sabata yonse.

Pa khomo lolowera ndafunsanso, komaliza, tsiku lobwerera. Ndimayembekezera "tiona."

"Ikamera mundilembere kalata. Ine ndikakhala nditafunsa amayi dzina lake, ndidzabwera nalo pamodzi ndi mwana." Wakonza kolala ya shati yanga. "Koma muziiona dzuwa lisanalowe, bambo. Tsiku lililonse. Muzolowere njira."

Walowa. Sanacheuke, kapena anacheuka ine ndikupukuta m'maso.

Nyumba yakula. Pamwamba pa kabati patsala wotchi yokha. Bakuli la MBEWU YAPADERA walitsuka, walivundikira, pepala langa walisiya pomwepo.

Lipoti la bwana silinalembedwe. Madzi akumwa atsala theka. Chala chikupweteka. Mawa ndikapempha kuti ndiziyamba 7 koloko n'kumaweruka 4, ndipo ulendo uno ndikanena chifukwa chenicheni.

5:30. Ndakhala pa kampando kake. Ndasuzumira pa neti.

Palibe. Ndibweranso mawa.